Bwanji ORS timati isungunulidwe mu lita imodzi basi?

Mvula ikangoyamba kuno ku Mangochi matenda otsegula m'mimba amachuluka, ndiye ife a ku labu funso timalimva pafupipafupi, amayi amati adokotala (sindine dokotala koma ndinatopa kukana) paketi ya ORS bwanji mumaumirira lita imodzi, madzi si madzi basi? Yankho lili mu masamu aja ambirife tinkawathawa ku sekondale, molarity, kutanthauza kuchuluka kwa mchere kapena shuga amene wasungunuka mu lita iliyonse.

Pitani kugombe ku Msaka m'mawa, palibe amene amawerenga usipa umodziumodzi, amayeza ndi ndowa. Tizidutswa ta mchere kapena shuga m'madzi ndi tating'ono kwambiri sitingawerengeke, ndiye a kemisitili ali ndi ndowa yawo, dzina lake mole, ndipo mumalowa tizidutswa 6.022 × 10²³. Kungoti ndowa ya usipa ndi ndowa ya mchenga sizilemera mofanana. Mole imodzi ya mchere wa m'ndiwo, NaCl, ndi magalamu 58.5, sodium 23 kuphatikiza chlorine 35.5, pomwe ya glucose, mtundu wa shuga womwe uli mu ORS, ndi 180.

Ndiye mumatenga magalamu omwe muli nawo n'kugawa ndi kulemera kwa mole imodzi, mwapezazo mugawenso ndi malita, basi mwamaliza. Paketi ya ORS ya muyezo wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ili ndi glucose magalamu 13.5, ndiye 13.5 ÷ 180 = 0.075, mu lita imodzi ndi 0.075 mol/L (ma mole pa lita) kapena kuti 75 mmol/L, poti mole imodzi ndi ma mmol 1,000. Diripi ya mchere ija ya kuchipatala ndi magalamu 9 pa lita, 9 ÷ 58.5, pafupifupi 0.154 mol/L.

Tsopano wina wathira paketi yonse m'kabotolo ka 500 ml poti ndi komwe kali pafupi. 0.075 ÷ 0.5 = 0.15, mphamvu yawirikiza, sodium wa m'paketimo nayenso wachoka pa 75 mmol/L wafika 150, ndipo madzi okolera chonchi amakoka madzi ena m'thupi kupita m'matumbo, mwana uja m'malo mopeza bwino kutsegula kumangowonjezeka.

Ana a sukulu amagwera pomwepa, amagawa ndi 500 m'malo mwa 0.5, kuiwala kusintha ma ml kukhala malita. China, lita yomwe timanena ndi ya zonse zikasakanikirana, nchifukwa chake ku labu timasungunula kaye m'madzi ochepa kenako n'kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka pa mzere wa botolo loyezera.