Chombo cha mumlengalenga chopanda woyendetsa chimadziwa bwanji potera?

Tsiku lina mukakwera minibasi ya ku Lumbadzi, mudzayese kutsinzina. Thupi limakuuzanibe zambiri: apa takhota, apa dalaivala waponda mabuleki, apa ndiye tikuthamanga. Kwa kanthawi mumatha kudziwa pamene mwafika. Mukapitiriza kutsinzina mumasokonekera, mpaka mutatsegula maso n'kuona nkhokwe za chimanga za ku Kanengo.

Ntchito yanga ndi ya zipangizo zolondolera ndege, ndipo umu ndi mmene ndimafotokozera za chombo chobwerera kuchokera mumlengalenga. M'kati mwake muli ma gyroscope, omwe amamva kutembenuka, ndi ma accelerometer, omwe amamva liwiro likamakwera kapena kutsika. Tina tating'ono totere tili mufoni yanuyo. Ndito timatembenuza chithunzi mukaigoneka chammbali. Kompyuta imaphatikiza zomwe zidazi zamva, kambirimbiri pa sekondi, n'kuwerengera pamene chombo chili, osafunsa aliyense kunja. Vuto lake n'lakuti kolakwika kakang'ono kamanka kakula, mapeto ake chombo n'kuphonya bwalo.

Maso ake tsono ndi masetilaiti a GPS, omwe amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Chikamva anayi kapena kuposerapo, chimadziwa malo ake n'kukonza kolakwika kaja.

Nanga bwanji osangodalira GPS yokhayo? Apa ndi pamene pagona nkhani. Chombo chimalowa mumpweya wa dziko paliwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Mpweya wa kutsogolo kwake umapanikizika n'kutentha mpaka kusanduka plasma (mpweya wotentha kwambiri wokhala ndi mphamvu ya magetsi), yomwe imachikuta ngati bulangete n'kutsekereza mafunde a wailesi. Kwa mphindi zingapo masetilaiti samveka. Komatu nthawi imeneyi ndi yomwe chombo chiyenera kupendekeka mwa muyezo wake: chikatsika mothyoka kwambiri chipsa, chikapendekeka molakwika chikagwera kutali. Zida zam'kati zija ndizo zimachinyamula zokha mumdima umenewu, ndipo n'chifukwa chake ine ndimazipatsa ulemu kuposa GPS.

Pa 15 November 1988, chombo cha Buran cha Soviet Union chinazungulira dziko kawiri n'kutera chokha ku Baikonur, ku Kazakhstan, mulibe munthu, kunja kukuwomba chimphepo. Maso ake sanali GPS koma zida za wailesi zapansi. Ndege ya mumlengalenga ya X-37B ya America, yomwe imaphatikiza GPS ndi zida zam'kati, inatera yokha koyamba ku Vandenberg, California, pa 3 December 2010.