Denga lokwera ndi sitiriyo yanu: musafulumire kugula ampulifaya ina

Nyumba zambiri zimene zikumangidwa masiku ano ku Borrowdale, Mount Pleasant ndi Westgate sizikuikanso siling'i yafulati pabalaza. Denga likusiyidwa kuti likwere motsatira mapaso mpaka kukafika pa mtanda, ndipo kunena zoona pamaoneka pogometsa. Koma pa ntchito yanga yotchera masipika muno mu Harare, dandaulo limene ndimamva kwa achibale athu amene asamukira m'nyumba zoterezi ndi limodzi: masipika omwewo amene ankamveka bwino m'kanyumba ka ku Highfield kapena ku Mufakose, pano akungosokosa, mawu a woimba sakumveka kumene akuchokera. Ambiri amafuna kuthamangira kusitolo. Ine ndimati dikirani kaye, vuto lili m'chipindamo.

Mukakhala pa sofa, khutu lanu silimva za m'masipika zokha. Limamvanso mawu amene agunda khoma, pansi ndi denga n'kubwerera kwa inu mochedwerako. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho pabalaza amazungulira kambirimbiri asanazilale. Munthu woyamba kuyeza zimenezi mwadongosolo anali Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard ku America. Mu 1895 anapatsidwa ntchito yokonza holo ina ya ku Fogg Museum imene mawu a mphunzitsi sankamveka, ndipo ankanyamula makushoni a mipando usiku kupita nawo m'holomo, n'kumayeza ndi wotchi kuti mawu akutenga nthawi yaitali bwanji kuti atheretu. Anapeza kuti nthawiyo imatalika chipinda chikakula, ndipo imafupika zinthu zomeza mawu zikachuluka. Nzeru zake n'zimene zinagwiritsidwa ntchito pomanga Symphony Hall ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900.

Tiyeni tiwerengere pabalaza wamba, pa mamita 5 m'lifupi ndi 6 m'litali. Siling'i ikakhala yafulati pa mamita 2.7, mpweya wa m'chipindamo ndi makyubiki mita 81. Denga likakwera mpaka mamita 4.5 pakati, amafika 108. Mipando ndi yomweyo, makatani ndi omwewo, koma mawu akhala m'chipindamo nthawi yotalikirapo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Onjezanipo matailosi, amene pafupifupi aliyense akuika masiku ano, ndi mawindo aakulu agalasi. Pomvera nyimbo kunyumba timafuna mawu azizilala pasanathe theka la sekondi. Pabalaza poterepo amapitirira, ndipo ng'oma imodzi isanathe kulira ina yailowerera kale.

Komabe denga lokwera sindilida ayi, lili ndi ubwino wake. Siling'i yafulati imayang'anizana ndi pansi, ndipo mawu amanjanja pakati pa ziwirizi. Ombani m'manja m'chipinda chopanda katundu, mumva kakulira konjenjemera kotsatira. Denga lopendekeka limathetsa kameneko chifukwa limaponyera mawu kumbali. Komanso siling'i ya mamita 2.7 imakokomeza besi wa pafupifupi 64 Hz (mawu onjenjemera maulendo 64 pa sekondi), moti noti ina ya gitala ya besi imagunda pamtima pomwe zina zikumveka mozizira. Denga likapendekeka, kukokomezako kumamwazikana. Musakhulupirire amene angakuuzeni kuti kumatheratu. Funde la mawu a 64 Hz ndi lalitali mamita oposa 5, ndipo kupendekeka kwa denga silikuona kwenikweni. Kukokomezako kumangosamukira pena.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kumene masipika ayang'ana. Sitiriyo imadalira kuti khutu lamanzere ndi lamanja zilandire mofanana, ndipo zikatero woimba amamveka ngati waima pakati penipeni. Ngati denga lanu lapendekekera mbali imodzi, inu n'kuika sipika ina pansi pa mbali yotsika ndi ina pansi pa mbali yokwera, yakotsikayo imabwezeredwa mawu msanga ndiponso mwamphamvu, ndiye woimba amasunthira komweko. Mungapotokole batani la balansi tsiku lonse, sizikonzeka bwinobwino. Ikani masipika onse awiri ku khoma lotsika, denga lizikwera kubwera kumene mwakhala. Likakhala la mbali ziwiri zokumana pa mtanda, mtandawo udutse pakati pa masipika kulunjika pa mpando wanu. Apa pali kampeni kumphasa: mbali ziwiri zija zimatha kubwezera mawu pamzere womwewo wa pakati, pamene pali mutu wanu. Loipitsitsa ndi denga lopindika ngati uta, chifukwa limasonkhanitsa mawu pamalo amodzi monga mmene dishi ya setilaiti imasonkhanitsira siginolo. Wina pa sofa akumva phokoso lobowa, wina pambali pake akuti kwezani voliyumu.

Amene muli ndi denga la udzu, lija timaliona m'malodji ndi m'nyumba zina za kumpoto kwa mzinda, ndinu amwayi. Udzu wochindikala umameza mawu apakati ndi okwera, ndipo mitengo yoonekera ija imamwaza otsalawo. Malata opanda kanthu kunsi kwake ndi nkhani ina. Mvula ya Disembala ikayamba, ingozimitsani wailesi.

Kukonza kumayambira pa zinthu zosalira ndalama. Sendezani mpando kufupi ndi masipika, mwina mamita 2 kapena 2.5, ndipo mtunda wa pakati pa masipikawo ufanane ndi wochokera pa sipika iliyonse kufika pa inu. Mukayandikira, mawu ochokera m'sipika amaposa obwerera kuchokera kudenga. Kenako kapeti yochindikala pakati pa inu ndi masipika, makatani olemera opindapinda, ndi shelefu ya mabuku kukhoma lakumbuyo. Kuti mudziwe pamene denga likubwezera mawu kwa inu, khalani pampando, wina akwere makwerero n'kumayendetsa kagalasi koyang'anira nkhope padengapo. Pamene mwaona sipika m'galasimo, m'pamene pafunika chomeza mawu. Chikhale cha rockwool kapena fibreglass (zinthu zonga thonje zotchingira kutentha m'madenga), chochindikala masentimita 10, chokutidwa ndi nsalu, ndipo chikalendewera pang'ono n'kusiya mpata kumbuyo chimagwira bwino koposa. Onetsetsani kuti zomangira zalowa m'phaso, osati m'bolodi mokha. Matileyi a mazira, amene ndimawaonabe m'timasitudiyo ta m'makomboni, ndi opyapyala kwambiri moti besi amangowadutsa, komanso sachedwa kuyaka moto.

Za ampulifaya ija, n'zoona kuti chipinda chachikulu chimafuna mphamvu yochulukirapo. Koma kuchoka pa mawati 50 kupita pa 100 kumangoonjezera 3 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), kusiyana kochepa m'khutu, ndipo kumakweza mawu obwerera mofanana ndi nyimboyo. Ngati mutakonza malo a masipika ndi zomeza mawu mukuonabe kuti besi wachepa, chofunika ndi subwoofer, sipika yapadera ya besi yekha, ndipo malo ake apezeni poiika kaye pampando wanu, inu n'kumayenda chowerama m'mbali mwa makoma kufikira pamene besi akumveka wosalala. Iikeni pamenepo.