Mafunso ndi mayankho pa za mzere ndi malipiro ku OPD ya chipatala cha boma

Ofesi ya woyang'anira chipatala yakhala ikulandira madandaulo, ena kudzera m'bokosi la maganizo, ena kudzera kwa a komiti ya chipatala, pa mmene odwala osagonekedwa akuthandizidwira ku OPD, komwe ndi kumene odwala oterewa amaonedwera. Tayankha pano mafunso amene akubwera mobwerezabwereza.

Kodi pobwera ndinyamule chiyani?

Munyamule buku lanu la kuchipatala, komanso kalata ngati mwatumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono.

Ndinafika kusanache, koma munthu amene anabwera 9 koloko anaonedwa ine ndikadali pabenchi. Kumeneku si kukondera?

Ku OPD timayang'ana kukula kwa matenda tisanayang'ane nthawi imene munthu wafika. Namwino amayenda m'mabenchi m'mawa kuyang'ana nkhope ndi kapumidwe ka odwala, ndipo akapeza mwana amene akukomoka ali kumsana kwa mayi ake, munthu wobanika, kapena mayi amene akutaya magazi, amamutulutsa pamzere nthawi yomweyo. Otsalawo amaonedwa monga mmene anafikira. Komabe sitingakane kuti nthawi zina wachibale wa wogwira ntchito amalowetsedwa popanda chifukwa cha matenda. Zimenezi n'zosaloledwa, ndipo zikanenedwa timazifufuza.

Boma limati chithandizo ndi chaulere. Nanga bwanji timauzidwa kuti tikagule mankhwala, ndipo kwina timalipira?

Funso limeneli lili ndi nkhani zingapo zimene anthu amaziphatikiza. Kuonedwa ndi dokotala kapena kiliniko ofesala, kuyezedwa malungo, ndi mankhwala amene ali m'famase ya chipatala cha boma, zonsezi n'zaulere, ndipo palibe mlonda, wokonza m'chipatala kapena wolemba mayina amene ali ndi chilolezo cholandira ndalama kwa inu pamzere.

Mankhwala ambiri timawalandira kuchokera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma, ndipo zimachitika kuti zimene taitanitsa sizibwera zonse kapena zimatha mwezi usanathe. Zikatero dokotala amalembabe m'buku mwanu mankhwala oyenera matendawo, chifukwa sangalembe panado m'malo mwa mankhwala a BP kungoti ndi amene alipo. Ndalama imene mumalipira kusitolo ya mankhwala siibwera kuchipatala, ngakhale tikudziwa kuti kwa munthu amene wagulitsa nkhuku kuti alipire kabaza, kusiyanitsa kumeneku sikumutonthoza.

Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission, si za boma ndipo zimalipiritsa. Kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma akhala akuchita mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti boma lizilipirira anthu chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene, m'madera amene chipatala cha boma chili kutali. Pangano lililonse limatchula chithandizo chimene chikulipiridwa, choncho bambo amene wapita ndi chifuwa akhoza kulipira pamalo pomwe mkazi wake wachira kwaulere. Funsani pachipatalapo musanayambe kulandira chithandizo.

Palinso mbali yolipira m'zipatala zazikulu ndi zina za m'maboma. Kumeneko munthu amapita mwa kufuna kwake, amapatsidwa lisiti, ndipo sayenera kukankhidwirako ndi wina aliyense pomuuza kuti kumbali yaulere sathandizidwa.

N'chifukwa chiyani mumabweza anthu kuti akayambire kuchipatala chaching'ono?

Dongosolo la dziko lino ndi lakuti wodwala ayambire kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono, kenako chipatala cha pa boma, ndipo matenda akakula atumizidwe kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Aliyense wa chimfine akathamangira kuchipatala chachikulu, wodwala amene watumizidwa kuchokera kutali amaswera pabenchi. Wodwala mwakayakaya kapena wovulala pangozi sabwezedwa, kaya ali ndi kalata kaya alibe. Tikuvomereza kuti ena amadumpha chipatala chakwawo chifukwa anapezako kopanda mankhwala kapena kotseka masana, ndipo nkhaniyi timakambirana ndi oyang'anira zipatalazo.

Kodi oyang'anira chipatala akuchitapo chiyani kuti mzere ufupike?

Mbali yaikulu ya ntchito yathu ndi kugawa antchito ochepa amene tili nawo. Tikuonetsetsa kuti pandandanda wa ntchito pakhale woona odwala amene akuyambira ku OPD m'mawa pamene anzake akuyendera mawodi, kuti anthu asamadikire mpaka msonkhano wa m'mawa utatha. Odwala shuga ndi BP ali ndi masiku awo, ndipo makadi osonyeza mankhwala otsala m'famase akuwerengedwa pafupipafupi kuti tiziitanitsa mankhwala asanathe. Lolemba mzere udzakhalabe wautali.

Ndikachitiridwa chipongwe kapena kupemphedwa ndalama, ndikanene kuti?

Pitani kwa Ombudsman wa pachipatala, yemwe ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala, ndipo mutchule tsiku, nthawi ndi chipinda chimene zachitikira, chifukwa zimenezi ndi zimene zimatithandiza kudziwa amene anali pantchito. Kudandaula n'kwaulere, ndipo sikuchotsa ufulu wanu wolandira chithandizo tsiku limenelo kapena ulendo wina.