Kuchotsa mimba: chifukwa chake mkanganowu sutha

Nkhani ya kuchotsa mimba ikabuka pa wailesi, wina amati ndi kupha, wina amati amayi akutha m'zipatala, ndipo aliyense amachoka akuganiza kuti mnzake alibe umunthu. Koma anthu awiriwa sakuyankha funso limodzi. Woyambayo akunena za chimene chili m'mimbamo, kuti ndi munthu kapena ayi. Wachiwiriyo akunena za zimene lamulo limabala. Ndipo pakati pawo pali funso lina limene silifunsidwa kawirikawiri: kodi thupi la mayi lingakakamizidwe mpaka pati kuti lisunge moyo wa wina?

Lamulo la Malawi laima apa. M'buku la malamulo a milandu ya upandu, gawo 149 limapereka zaka 14 kundende kwa wochotsa mimba ya mayi, gawo 150 zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, ndipo gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Gawo 243 limalola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi. Bungwe lounika malamulo linapempha mu 2015 kuti zifukwa ziwonjezedwe, monga kugwiriridwa, kugonedwa ndi wachibale ndi kupunduka kwakukulu kwa mwana, koma mu 2021 aphungu anakana ngakhale kukambirana za bilu yosintha lamuloli.

Otsutsa kuchotsa mimba amaimira pa mfundo ziwiri: kupha munthu wosalakwa n'kulakwa, ndipo mwana wosabadwa ndi munthu wosalakwa. Yoyambayo palibe amaikana. Katundu yense ali pa yachiwiri. Sayansi imatiuza kuti kuyambira pamene umuna wakumana ndi dzira pali chinthu chamoyo, chamtundu wa anthu. Imatiuzanso kuti mpaka masiku pafupifupi 14 chinthucho chikhoza kugawika n'kukhala mapasa, kuti mtima umayamba kugunda cha pa masabata 6, ndi kuti mwana angapulumuke kunja kwa chiberekero cha pa masabata 24 m'zipatala za zipangizo zambiri, pamene kwathu kuno malire ake amawerengedwa pa 28. Chimene sayansi singachite ndi kuloza tsiku limodzi mwa masiku amenewa n'kunena kuti ufulu wa munthu wayambira pano. Limenelo ndi funso la chikhalidwe ndi chikumbumtima.

Mary Anne Warren, katswiri wa filosofi wa ku America, analemba mu 1973 kuti munthu ndi amene amamva, kuganiza, kulankhulana ndi ena ndi kudzizindikira, ndipo mwana wa m'mimba sanafike pamenepo. Mfundoyi imagwa msanga, chifukwa khanda la masiku atatu nalonso silidzizindikira, koma palibe angavomere kuti liphedwe. Katswiri wina wa filosofi, Don Marquis, mu 1989 anadzera kwina, osatchula Mulungu n'komwe. Anafunsa kuti kupha munthu wamkulu kumaipira pati, n'kuyankha kuti kumam'landa tsogolo lake lonse. Mwana wosabadwa alinso ndi tsogolo lotero. Iyi ndiyo mfundo yolimba kwambiri ya mbali imeneyi, ndipo ofuna lamulo lisinthe amalakwa akamaiyesa nkhani ya m'tchalitchi chabe. Pamene imavutikira ndi m'masiku oyambirira aja, pomwe sitinadziwe ngati tsogololo ndi la munthu mmodzi kapena awiri.

Makolo athu sanajambule mzere umodzi. Mtayo umaikidwa ndi amayi okha, mwakachetechete, popanda kulira maliro kapena kusonkhanitsa mudzi, ndipo mwana amapatsidwa dzina akatuluka m'chikuta. Izi zikusonyeza kuti munthu amalowa m'gulu la anthu pang'onopang'ono. Koma mwambo womwewo umam'zinga mayi woyembekezera ndi malangizo ndi zoletsa kuti mimbayo isapite padera. Choncho amene amati chikhalidwe chathu chili kumbali yake yokha sakunena zonse.

Judith Jarvis Thomson, nayenso katswiri wa filosofi, mu 1971 anachita zimene ambiri sankayembekezera. Anavomereza kuti mwanayo ndi munthu, kenako n'kufunsa ngati zimenezo zikutha nkhani. Chitsanzo chake n'chakuti mwadzuka m'chipatala mutalumikizidwa ndi machubu kwa katswiri woimba vayolini amene impso zake zafa. Simunafunsidwe. Akakuchotsani amwalira, mukapirira miyezi 9 achira. Kukhalabe pabedipo kungakhale chifundo chachikulu, koma kodi boma lingakumangeni mukakana? Ufulu wokhala ndi moyo, iye anatero, si ufulu wogwiritsa ntchito thupi la munthu wina. Chitsanzochi chimagwira mwamphamvu pa mtsikana wa zaka 13 amene wagwiriridwa ndi amalume ake. Chimafooka pamene awiri anagonana mogwirizana, ndipo otsutsa amawonjeza kuti woimbayo ndi mlendo pamene uyu ndi mwana wako, komanso kuti kuchotsa chubu n'kosiyana ndi kupha mwachindunji.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino pa mimba yokhala m'chubu chimene dzira limadutsamo, kunja kwa chiberekero. Mwanayo sangakule mpaka kubadwa. Chubucho chikaphulika, magazi amatayikira mkati mwa mimba osaonekera kunja, mayi amamva ululu mbali imodzi, amachita chizungulire, ndipo akhoza kufa pa maola ochepa. Mpingo wa Katolika, umene umaletsa kuchotsa mimba mwadala, umalola dokotala kudula chubucho. Umatsatira mfundo yochokera kwa Thomas Aquinas, mphunzitsi wakale wa mpingowo, yakuti ntchito imodzi ingakhale ndi zotsatira ziwiri. Ntchitoyo isakhale yoipa payokha, cholinga chikhale chabwinocho, choipacho chisakhale njira yofikira chabwino, ndipo chifukwa chikhale cholemera mokwanira. Kudula chiwalo chodwala kumakwanira zonsezi. Koma pali mankhwala otchedwa methotrexate, amene amaimitsa kukula kwa mimbayo n'kusiya chubucho chili chathunthu. Akatswiri a mpingowo amagawanika pa mankhwalawa, chifukwa ena amati akulunjika mwanayo. Mwana amafa m'njira zonse ziwiri, ndipo mfundo imene ingachititse mayi kutaya chiwalo popanda kupulumutsa aliyense iyenera kufunsidwa mafunso.

Ena, otsatira maganizo a akatswiri a filosofi a ku England, Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill, amati chabwino chimadziwika ndi zotsatira zake. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la ku America la Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, lamulo loletsa lilipo. Amayi ambiri mwa iwo anapeza mavuto ofunika chipatala. Kamtengo ka chinangwa kakalowetsedwa kamaboola chiberekero, nthawi zina ndi matumbo omwe. Zotsalira mkati zimaola, mafinya amalowa m'magazi, impso zimaleka kugwira ntchito. Wa ndalama amapeza dokotala mwamseri, wakumudzi ndiye amafa. Umboni umenewu ndi wolemera, komabe sungathetse mkangano pawokha, chifukwa kuwerengera zotsatira kumadalira amene mwamuwerenga. Amene amakhulupirira kuti mwana wosabadwa ndi munthu amaona nambala yomweyo ya 141,000 ngati maliro.

Pano m'pamene tiyenera kulekanitsa tchimo ndi mlandu. Aquinas yemweyo anaphunzitsa kuti lamulo la anthu sililetsa choipa chilichonse. Munthu angathe kukhulupirira ndi mtima wonse kuti kuchotsa mimba n'kulakwa, n'kukanabe kuti mtsikana wogwiriridwa atsekeredwe zaka 7. Wina angayankhe kuti kuteteza moyo ndiyo ntchito yoyamba ya lamulo. Onse awiri akuganiza bwino. Ndipo kusintha lamulo sikutha zonse: Zambia inalola zifukwa zambiri kuyambira mu 1972, koma imafuna madokotala atatu asaine, chinthu chovuta kumidzi kumene ngakhale mmodzi amasowa. Mozambique inasintha lamulo lake mu 2014, n'kulola mpaka masabata 12.

Pali malo amodzi pamene maganizo onsewa sasemphana. Mayi amene akutaya magazi, akutentha thupi kapena akutuluka zonunkha mimba itachoka ayenera kuthandizidwa msanga, kaya inapita padera yokha kaya anaichotsa. Chithandizo chimenechi n'chololedwa m'zipatala za m'Malawi: kutsuka chiberekero, mankhwala opha tizilombo, kuwonjezera magazi ngati pakufunika, ndi njira yolerera asanatuluke. Chimene chimapha ambiri ndi kuchedwa, mtsikana kubisala m'nyumba masiku angapo poopa apolisi kapena mawu achipongwe pa wodi, mpaka kufika kuchipatala mafinya atafalikira kale thupi lonse.