Tchanelo ikada nthawi ya mpira, dishi muisiye

Ndatopa ndi mafoni a Loweruka masana: "Amisiri, dikoda yafa, thamangani mpira wayamba." Ndikafunsa za matchanelo ena, akuti onse akuoneka bwino, yada ndi ya mpira yokha. Abale anga, dishi yosuntha kapena chingwe choduka sizidikira wezulo. Tchanelo imene ikuda masewero akayamba n'kudzabwerera akatha, aitseka dala eni ake.

Ufulu woonetsa mpira umagulitsidwa potsata malire a mayiko. Wailesi ya kanema ikagula ufulu woonetsera anthu a dziko lake okha, siiloledwa kuti chithunzicho chifike kwa ena kudzera pa setilaiti, ndiye imatseka maola amenewo. Kuno ku Mchinji izi zimatisokoneza chifukwa Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo madikoda ena amachokera kutsidya. Kuwoloka pa Mwami n'kosavuta, koma pa nkhani ya ufuluwu Zambia ndi Malawi ndi mayiko awiri. Mukumbukire 2013, pomwe matchanelo a SABC anazimiririka pa madikoda aulere aja. Anachita kutsekedwa ku South Africa komweko, palibe dishi imene inalakwa.

Ena amva kuti ku England mpira wa Loweruka suonetsedwa, ndiye amati n'chifukwa chake tchanelo yada kuno. Lamulo limenelo lilipodi kuyambira m'ma 1960: pakati pa 2:45 ndi 5:15 masana saulutsa mpira pa kanema, kuti anthu azipitabe kumabwalo. Koma limagwira kwawo kokha. Ife masewero omwewo timawaona pa SuperSport pomwe munthu wa ku Liverpool akungomvera pa wailesi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi bambo wina wa vidiyo sho. Tchanelo itada, anthu atalipira kale pakhomo, anaitana mnyamata wa "ndikutsegulirani zonse". Mnyamatayo anakwera padenga, n'kupotoza dishi imene inali bwinobwino, kenako n'kuthira pulogalamu yachilendo mu dikoda. Pomwe ndimafika Lolemba, dikoda inali itangouma, yosayakanso. Ndalama za anthu anabweza, ya mnyamata inapita, dikoda anagula ina. Akanangoona ndandanda ya masewero akanapeza tchanelo imene inali ndi ufulu wa mpirawo.

Wina akakuuzani kuti atsegula tchanelo yotsekedwa ndi sipanala kapena fulashi, musamupatse makwerero. Ndipo ngati muli ndi sho, fufuzani Lachisanu kuti masewerowo ali pa tchanelo iti komanso ngati phukusi mudalipira lili nayo, osati anthu atadzaza kale mabenchi.