Makina otsukira mbale za gumbagumba: nkhani ili pa kukoka madzi

Anthu akubwerabe ndi mbale zothetheka ngati chimanga pamoto, n'kumati anazitsuka bwinobwino ndi sopo ndi kansanza. Apo ndiye palakwika. Kansanza kamangosonkhanitsa fumbi n'kulikankhira m'timizere momwe singano imadutsa, ndipo madzi akauma okha matope aja amagwira pansi penipeni. Makina ogula ngati a VPI kapena a Keith Monks alibe matsenga. Amanyowetsa mbale, kenaka n'kukoka madzi akudawo asanaume. Zimenezi mutha kupanga nokha.

Pezani vacuum cleaner yokoka madzi, ija amati wet and dry. Ya m'nyumba yokoka fumbi lokha musayese n'komwe: madzi akafika ku mota ya 230V, mupsereza makina kapena mugwidwa ndi magetsi. Kenaka dulani paipi ya PVC ya 20 mm kapena 25 mm, yotalika pafupifupi 15 cm, mutseke mbali imodzi, inayo muilumikize ku paipi ya vacuum cleaner. M'litali mwake chekani mpata wa 2 mm kapena 3 mm m'lifupi, 10 cm kutalika, wokwana kuyambira m'mphepete mwa mbale yaikulu ija ya LP kulekeza pomwe payambira lebulo. Palani m'mbali mwa mpatawo ndi sandipepa mpaka chala chisamve chokanda, ndipo matani timizere tiwiri ta nsalu ya veleveti, uku ndi uku. Veleveti ndiye yokhudza mbale. Pulasitiki ikangoikhudza, yaikanda.

Poikapo mbale, gumbagumba yakufa imakwanira, koma muziizunguza ndi dzanja, chifukwa mota yake ilibe mphamvu paipi ikayamba kukoka. Ngati mukupanga ndi thabwa, bowo la mbale ndi 7.24 mm, ndiye bauti ya 7 mm imalowa bwino. Lebulo muiphimbe ndi chivundikiro cha 10 cm chokhala ndi labala pansi, chomangidwa ndi nati. Pambali pa paipi boolani kabowo koti muzitseka ndi chala, kuti mphamvu yokoka ikachuluka muziichepetsa.

Madzi ake ndiye pomwe ambiri amagwera. A pamjigo ndi a pampopi ali ndi mchere womwe umatsalira m'timizere. Gulani madzi osungunula aja amati distilled water, othira m'batire ya galimoto, ndipo werengani botolo, musatenge asidi. Pa 800 ml ya madziwo thirani 200 ml ya isopropyl alcohol ndi madontho awiri kapena atatu a Photo-Flo, mankhwala a Kodak otsukuluzira mafilimu a zithunzi, kuti madzi alowe m'timizere. Pakani ndi burashi yofewa motsata timizere, dikirani mphindi imodzi, kokani mbale ikuzungulira pang'onopang'ono kawiri basi. Mukapitiriza pouma, mbale imagwira magetsi okoka fumbi. Tsukuluzani ndi madzi okhaokha, kokaninso.

Tsono mvetsani apa. Mankhwala amenewa ndi a mbale za pulasitiki ya vinyl zokha, zozungulira ka 33 kapena ka 45 pa mphindi. Mbale zolemera zija za 78, zosweka ngati galasi, zinapangidwa ndi utomoni wotchedwa shellac, ndipo shellac amasungunuka ndi alcohol. Munthu amatenga mbale ya agogo ya kampani ya Gallotone, n'kuthirapo spiriti wa papo uja, n'kupukuta. Kansanza kamatuluka kofiirira, iye n'kumasangalala kuti litsiro likuchoka, pomwe chikuchokacho ndi nyimboyo. Pamwamba pamasanduka potuwa ndi ponata, singano ikadutsa mumangomva mkokomo. Palibe mmisiri angabwezeretse zimenezo, ndipo mbale zambiri zotere kopi ina simudzaipezanso. Za 78 zitsukeni ndi madzi osungunula ndi dontho la Photo-Flo, mwachangu, osaviika.

Chenjerani ndi akatswiri a pamsika olonjeza kufufuta mikwingwirima ndi polishi, mafuta a WD-40 kapena mankhwala otsukira mano. Chokandika n'chokandika, kutsuka kumachotsa litsiro lokha. Enanso amati muziimba mbale ili yonyowa kuti isathetheke. Imamveka bwino tsiku limenelo, koma matope aja akauma imaipiratu.

Musazengereze ngati mwaona chuku choyera pa mbale, makamaka nyengo ya dzinja. Chimafalikira ku mbale zoyandikana nazo kudzera m'mapepala. Mbale za Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, zodindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola, zomwe lero osonkhanitsa akunja akuzisaka, zambiri zikuwonongeka chonchi m'makatoni. Tsukani, imikani pamthunzi kuti iumiretu, osati padzuwa pomwe ingapindike, ndipo kachikwama kakale ka pepala katayeni, muike m'katsopano.