Khonsolo ya Cape Town imagamula bwanji pempho losintha ntchito ya malo? Mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri okhala ku Cape Town ali pa lendi, ndipo ena atsegula sipaza (kagolosale ka pakhomo), saluni, mkombaphala kapena tchalitchi pa puloti za eni. Zimayenda bwinobwino kufikira tsiku limene munthu wa kukhonsolo wafika ndi kalata yonena kuti malowo saloledwa kuchitirapo zimenezo. Ena amangodzidzimuka kuona nyumba yosanja ikukwera kuseri kwa mpanda, osadziwa kuti panali masiku oti akanatha kuyankhulapo. Nkhani zonse ziwirizi gwero lake ndi limodzi, lamulo la mzinda la Municipal Planning By-law la 2015.

Kodi zoning n'chiyani, ndipo imandikhudza bwanji ine wongochita lendi?

Puloti iliyonse mumzindawu inalembedwa ntchito yake: iyi ndi yokhalapo anthu, iyi ya malonda, iyi ya mafakitale, iyi ya sukulu kapena nyumba yopemphereramo. Pamapu a khonsolo mudzaona zilembo monga GR2, GB1 kapena MU1. Chilembo chilichonse chimanena zomwe zingachitike pamalopo, msinkhu wa nyumba, mtunda wosiya pakati pa khoma ndi malire, ndiponso malo oimika galimoto ofunika. Zonsezi zili mu gawo la lamuloli lotchedwa Development Management Scheme.

Lamuloli limatsata puloti, silitsata munthu. Eni nyumba akhoza kukuuzani kuti "tsegulani, palibe vuto", koma mawu awo sasintha zomwe zinalembedwa kukhonsolo. Musanalipire dipoziti ya malo a bizinesi, funsani nambala ya puloti, yomwe kumeneko amaitcha erf, muifufuze pamapu a khonsolo a pa intaneti kapena mukafunse ku ofesi ya mapulani ya chigawo chanu.

Nanga overlay zone ndiye chiyaninso?

Ndi malamulo oonjezera omwe amayalidwa pamwamba pa zoning ya dera linalake, ngati bulangete pamwamba pa nsalu yofunda: yapansi ija siichoka. Puloti imakhalabe yokhalapo anthu kapena ya malonda monga kale, koma pamabwera zina zoti mutsatire chifukwa cha pomwe ili. Kawirikawiri malamulo oonjezerawa amakhwimitsa zinthu, ngakhale alipo ena omwe amafewetsa pofuna kukopa omanga.

Zitsanzo zilipo zingapo. Pali overlay yoteteza malo a mbiri yakale, yodziwika ndi zilembo zoti HPOZ. Pali yoteteza maonekedwe a m'mbali mwa misewu yodutsa m'mapiri ndi m'mphepete mwa nyanja. Madera ena monga Llandudno ndi Constantia ali ndi malamulo awoawo. Ndipo kufupi ndi malo opangira magetsi a nyukiliya a Koeberg, kumanga kumachepetsedwa dala kuti patachitika ngozi anthu athe kusamutsidwa msanga.

Ndani amasankha kuti dera lilowe mu overlay?

Apa ndi khonsolo yonse, makhansala atakhala pansi, anthu atapatsidwa kaye mpata wopereka maganizo. Nkhani ya Bo-Kaap ikuonetsa bwino momwe zimakhalira, ndi momwe kuchedwa kumapwetekera.

Bo-Kaap ndi dera lakale la m'munsi mwa Signal Hill, la nyumba zopaka utoto wowala ndi misewu ya miyala, kumene kuli mzikiti wa Auwal womwe unakhazikitsidwa mu 1794. Anthu ake anapulumuka pa kusamutsidwa kumene kunagwera anzawo a ku District Six, dera lomwe boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 n'kuchotsedwamo. Koma tsankho litatha kunabwera mdani wina: malo a pakati pa mzinda anakwera mtengo, omanga nyumba zosanja n'kuyamba kuwathamangira. Anthu a ku Bo-Kaap anapempha chitetezo kwa zaka zingapo, mu 2018 anachita zionetsero m'misewu, ndipo mu Marichi 2019 khonsolo inavomereza kuti deralo likhale mu HPOZ.

Kuyambira pamenepo, wofuna kugumula, kumanga kapena kusintha maonekedwe a kunja kwa nyumba m'deralo ayenera kupeza chilolezo chapadera, ndipo khonsolo iyenera kuona ngati zomangidwazo zikugwirizana ndi mbiri ya malowo. Koma pali ziwiri zimene ambiri sazimvetsa. HPOZ siletsa kumanga, imangopatsa khonsolo mphamvu yokana kapena kuika malire. Komanso siibwerera m'mbuyo. Nyumba yaikulu yosanja yomwe inavomerezedwa kale m'mphepete mwa deralo, pa msewu wa Buitengracht, bungwe la anthu okhala ku Bo-Kaap linaitsutsa mpaka ku bwalo la Supreme Court of Appeal, koma mu 2020 linagonja. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pali phunziro lowawa kwa madera ena akale monga Woodstock ndi Salt River, kumene anthu opeza pang'ono, obwera ngati ife omwe, akukankhidwa ndi lendi yokwera.

Ndikufuna kuchita bizinesi pa puloti yokhalapo anthu. Kodi ndiye kuti ndipemphe kusintha zoning?

Osati nthawi zonse, ndipo kudziwa kusiyana kwake kungakupulumutsireni ndalama zambiri. Zina zimaloledwa kale popanda pempho, monga ntchito yaing'ono ya pakhomo, bola mutsatire malire ake. Zina zimafuna chilolezo chotchedwa consent use, pamene zoning siisintha koma khonsolo imavomereza ntchito yoonjezera yomwe lamulo linaitchula kale. Mukafuna kumanga moyandikira malire kapena kupitirira msinkhu wololedwa, mumapempha departure. Palinso chilolezo cha kanthawi, chosapitirira zaka 5. Kusintha zoning yeniyeni, komwe amati rezoning, ndiyo njira yaitali ndi yodula kuposa zonse.

Chenjerani ndi kalata ya umwini wa malo. Makalata ena akale ali ndi ziletso zawo, monga zoti papulotipo pasachitike malonda, ndipo kuzichotsa kumafuna pempho lakelake.

Kodi wa lendi angapemphe yekha?

Ayi. Wopempha ndi mwini malo, kapena munthu amene mwiniyo wamupatsa mphamvu polemba. Ambiri amalemba ntchito katswiri wa mapulani a mizinda. Ngati eni nyumba akuzemba nkhani yosaina, dziwani kuti katundu amene mukuika mu bizinesiyo ali pa ngozi.

Pempho likalowa limayenda bwanji?

Limalowera pa intaneti, pa njira ya khonsolo yotchedwa DAMS, pamodzi ndi malipiro, mapu, kalata ya umwini ndi chikalata chofotokoza zifukwa. Ogwira ntchito amayamba aona ngati zonse zakwanira, kenako amalitumiza ku nthambi zina: ya misewu, ya madzi ndi zimbudzi, ya magetsi, ya zachilengedwe ndi mbiri yakale. Ngati pempholo lingakhudze ena, khonsolo imadziwitsa anthu. Aneba amalandira makalata, khansala wa dera ndi mabungwe a anthu okhala m'deralo amauzidwa, ndipo nthawi zina pamakhomedwa chikwangwani pampanda kapena kulengeza m'nyuzipepala. Masiku otsutsira akatha, wopempha amapatsidwa zonse zomwe anthu alemba kuti ayankhe. Pomaliza katswiri wa khonsolo amalemba lipoti lonena ngati pempholo livomerezedwe kapena likanidwe.

Wogamula ndani? Kodi khansala wathu angatithandize?

Khansala angathe kulemba maganizo ake ngati wina aliyense, koma sagamula. Lamulo la dziko lonse la SPLUMA la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2015, linalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi gulu logamula lotchedwa Municipal Planning Tribunal, la anthu osachepera 5. Mumakhala akuluakulu ogwira ntchito kukhonsolo ndi akatswiri ochokera kunja, ndipo makhansala saloledwa kukhalamo. Mapempho osavuta amagamulidwa ndi wogwira ntchito amene anapatsidwa mphamvu, pomwe omwe ali ndi mkangano kawirikawiri amapita ku gululi.

Choncho munthu akakuuzani kuti "ndikudziwana ndi khansala, ingondipatsani kangachepe", ndalama yanuyo yapita.

Amayang'ana chiyani pogamula?

Choyamba amaona ngati pempholo likugwirizana ndi pulani yaikulu ya kakulidwe ka mzinda ndi mapulani a zigawo. Likasemphana nazo, pamafunika zifukwa zamphamvu zokhudza malo amenewo. Kenako amafunsa ngati chinthucho n'choyenera pamalopo: chikugwirizana ndi zomwe zazungulira? Mipope ya madzi ndi ya zimbudzi ikwanitsa? Galimoto zidzaima pati, ndipo msewu upirira? Chitetezo ndi umoyo wa anthu oyandikana nawo zikhala bwanji? Nanga mbiri ya malowo ndi chilengedwe? Ntchito ndi nyumba zomwe chingabweretse zimawerengedwanso.

Kawirikawiri yankho silikhala inde kapena ayi chabe. Amavomereza n'kuikapo zoti mutsatire: mkombaphala usapitirire ana akutiakuti, mapemphero a zokuzira mawu athe nthawi yakutiyakuti, pakhale malo otsitsira ana mkati mwa mpanda. Mwini malo angauzidwenso kulipira ndalama yothandizira kukulitsa misewu ndi mipope. Chilolezo chikakhala osagwiritsidwa ntchito chimatha mphamvu, nthawi zambiri pakapita zaka 5.

Ndaona chikwangwani pampanda wa aneba. Ndingatsutse ngakhale ndili mlendo m'dziko muno?

Chofunika n'chakuti nkhaniyo ikukukhudzani. Vuto ndi loti makalata amapita kwa eni malo, ndipo wa lendi wokhala m'kachipinda ka kuseri samva kanthu. Ndiye mukaona pepala lokutidwa ndi pulasitiki litamangiriridwa pageti, imani muliwerenge, mulijambule pafoni. Pamakhala nambala ya pempho, kofikitsa maganizo ndi tsiku lotsekera, lomwe nthawi zambiri limakhala patatha masiku 30.

Lembani dzina, keyala, momwe nkhaniyo ikukukhudzirani ndi zifukwa zogwirika. "Sitikufuna" sichifukwa. Koma mukalemba kuti suweji ya mumsewu wanu imasefukira kale mvula ikagwa mu Juni, ndipo mwaikapo zithunzi, katswiri wa khonsolo ayenera kuyankhapo mu lipoti lake. Mayina mazana pa pepala lopanda zifukwa sapambana kalata imodzi yolongosoka, poti iyi si voti. Zimandiwawa kuona anthu athu akudandaulira m'magulu a WhatsApp mpaka tsiku lotsekera kudutsa, chifukwa wosalemba pa nthawi yake amadzitsekeranso khomo la apilo.

Chigamulo chikapanda kundikomera?

Wopempha kapena amene anatsutsa pa nthawi yake angachite apilo pasanathe masiku 21. Ku Cape Town womva apilo ndi meya, mothandizidwa ndi gulu lomulangiza. Kale maapilo ankapita ku boma la chigawo cha Western Cape, koma mu 2014 bwalo la Constitutional Court linagamula kuti nkhani za zoning ndi za khonsolo. Kupitirira pa meya, chotsala ndi High Court, yomwe imaona ngati ndondomeko inatsatidwa mwalamulo, osati ngati nyumbayo ndi yokongola kapena ayi. Kumeneko kumafuna maloya ndi ndalama.

Ndinalembetsa kale sipaza yanga. Kodi sizokwanira?

Ayi, chilolezo chilichonse chili ndi khomo lake. Kulembetsa masipaza komwe boma linalamula kumapeto kwa 2024, chitupa cha zaumoyo chogulitsira zakudya, laisensi ya mowa, zonsezi sizilowa m'malo mwa zoning. Bwalo la Constitutional Court linatsindika mfundoyi mu 2012 pa mlandu wa kampani ya Maccsand, yomwe inali ndi chilolezo cha boma chokumba mchenga ku Mitchells Plain: linati iyenerabe kutsata zoning ya khonsolo. Pulani ya nyumba nayo imavomerezedwa payokha, ndipo nyumba yoposa zaka 60 siigumulidwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo cha Heritage Western Cape, bungwe la boma la chigawo loteteza malo a mbiri yakale, kaya ili mu HPOZ kaya ayi.

Nanga ngati ndinayamba kale popanda chilolezo?

Khonsolo imapereka kalata yolamula kusiya kapena kukonza zinthu pofika tsiku lakutilakuti, ndipo kuinyalanyaza kungakufikitseni kukhoti. Njira yokonzera ilipo: mwini malo amapempha kuti aikiridwe chindapusa, akalipira pempho la chilolezo limaunikidwa monga ena onse. Kulipira chindapusacho sikutanthauza kuti pempholo livomerezedwa. Kalatayo ikakupezani, musaibise kwa eni nyumba. Pitani nawo limodzi ku ofesi ya mapulani ya chigawo chanu tsiku lolembedwapo lisanakwane, mutatenga nambala ya erf ndi pangano lanu la lendi.